Munda, Ng'ombe ndi Banja: Choyamba N'chiti?

Palibe mawu amene Amalawife timawakonda kuposa akuti "Mulungu patsogolo." Mawuwa mudzawapeza pa magalasi a maminibasi otsetsereka kuchokera ku Blantyre kudzera pa Thabwa, mudzawapeza pa makoma a maokala a pa Dyeratu, pa Nchalo ndi pa Bangula, ndipo anyamata ena a kabaza amachita kuwalemba ndi penti kumbuyo kwa njinga zawo. Misonkhano yathu, ngakhale ya boma, siyamba popanda pemphero. Nyimbo ya fuko lathu, imene anapeka Michael Sauka, nayonso imayamba ndi kupempha Mulungu. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa anthu 10 alionse m'dziko muno, oposa 7 ndi Akhristu. Mlendo wongowerenga zikwangwani akhoza kubwerera kwawo n'kukanena kuti kuno funso lakuti choyamba pa moyo wa munthu n'chiyani linayankhidwa kalekale.

Komatu ndi dziko lomweli limene mu 2013 linadzuka n'kumva kuti mabiliyoni a makwacha asowa m'thumba la boma, pa nkhani ija inatchuka ndi dzina lakuti Cashgate, mpaka ndalama zina kupezeka m'mabuti a galimoto pamene odwala ankasowa mankhwala m'zipatala. Ife ogwira ntchito m'boma tikudziwa kuti manja amene amasaina mapepala otere kawirikawiri si a anthu osadziwa khomo la tchalitchi. Ndi manja omwewo amene timapatsana nawo moni Lamulungu. Sindikhulupirira kuti onsewo amanama akamati Mulungu ali patsogolo. Ambiri amanena zimene akumvadi mumtima. Apa ndiye pagona funso langa: zitheka bwanji kuti munthu aike Mulungu patsogolo ndi mtima wonse, koma zofuna zake n'kumalowera kwina?

Ine sindine mbusa kapena wansembe. Ndine wogwira ntchito m'boma kuno ku Chigwa cha Shire kumene ndinabadwira, ndipo zaka 40 ndinazidutsa. Ndikulemba ngati Mkhristu wa pa benchi, amene funsoli limamupeza ku ofesi, pa tsiku la malipiro ndiponso pa maliro a kumudzi.

Ndiyambe ndi fanizo limene ndimaliona ngati linanenedwera ife a kuchigwa. Mu Luka mutu 14, Yesu akusimba za munthu amene anakonza phwando lalikulu naitana anzake. Nthawi ya chakudya itakwana, oitanidwa aja anayamba kupereka zifukwa. Woyamba anali atangogula munda, ndiye ankafuna kukauyendera. Wachiwiri anali atagula ng'ombe za pa goli, magoli asanu, ndipo ankafuna kukaziyesa. Wachitatu anali atangolowa m'banja. Onse atatu sanapite, ndipo malo awo anakhalapo amphawi ndi olumala otoledwa m'misewu.

Taonani zinthu zitatuzo: munda, ng'ombe ndi banja. Mutafunsa mkulu aliyense kwa Ngabu kapena kwa Tengani kuti munthu weniweni amadziwika ndi chiyani, sangatchule zina. Dimba la m'mphepete mwa Shire ndilo limadyetsa ana mvula ikakana kumtunda. Ng'ombe ndiyo banki yathu: imalipira fizi, imatulutsa munthu pa mlandu, imasamala maliro, ndipo pakati pa Asena imathandiza mnyamata kulowola. Za banja sindikuyenera kunena zambiri, pakuti Mulungu yemwe ndiye analikhazikitsa. Mwa anthu atatu aja palibe amene anathawa phwando kuti akabe, akamwe kachasu kapena akachite chigololo. Aliyense anapita kukachita chinthu chimene mudzi wonse ukanamuyamikira. Choncho vuto lawo silinali pa zinthu zimene ankazikonda ayi. Linali pa mzere umene anazifoletsa.

Munthu amene anasinkhasinkha kwambiri nkhaniyi anali Mwafirika mnzathu, Augustine, bishopu wa mzinda wa Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria. Anabadwa mu 354 n'kumwalira mu 430. Mzinda wa Rome utafunkhidwa ndi adani mu 410, anthu ambiri amene anataya nyumba ndi chuma anathawira ku Africa, ndipo ena ankafunsa kuti Chikhristu chawapindulira chiyani. Poyankha, Augustine analemba buku lalikulu lotchedwa The City of God. Chimodzi mwa zimene anaphunzitsa n'chakuti munthu wabwino si amene alibe zokonda, koma amene zokonda zake zafola bwino, chachikulu pa malo a chachikulu, chaching'ono pa malo a chaching'ono. Kwa iye chilichonse chimene Mulungu analenga n'chabwino, golide ndi thupi lomwe. Tchimo limabadwa pamene chinthu chabwino chadumpha mzere n'kukhala pa mpando wosakhala wake.

Ife a kuchigwa sitivutika kumvetsa zimenezi, chifukwa timakhala ndi Shire. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960, madzi a mtsinjewu akhala akupopedwa n'kuyendetsedwa m'ngalande za m'minda ya nzimbe ku Nchalo, ndipo anthu zikwizikwi apeza ntchito pamenepo. Madzi omwewo akasiya njira yake amagwetsa nyumba, kukokolola mbewu ndi kupha anthu. Komabe palibe munthu wanzeru amene amapemphera kuti Shire aphwe. Zofuna za mtima wa munthu zili chimodzimodzi. Kufuna nyumba ya malata, kufuna kuti mwana afike ku koleji, kufuna kukwezedwa pa ntchito, kufuna kukondedwa, zonsezi ndi madzi opatsa moyo. Mkhristu saitanidwa kuti aumitse mtsinje. Amaitanidwa kuti aulemekeze pouyendetsa m'njira yake.

Ndanena izi chifukwa pali abale ena amene amaganiza kuti kuika Mulungu patsogolo ndiko kupha chikhumbo chilichonse. Amaona kuseka ngati tchimo, kuvala bwino ngati kunyada, ndipo wochita bizinesi amamuyang'ana ngati wagulitsa kale moyo wake. Chikhristu chotere chimabala anthu a nkhope zakugwa, amene mkati mwawo zofuna zija zimakhala zikusefukira mobisa, tsiku lina n'kudzaphulika. Koma kulakwa kumeneku si kumene kwafala masiku ano. Kumene kwafala n'kwina, ndipo n'kovuta kukuzindikira chifukwa kumavala zovala za chikhulupiriro.

Aliyense wokulira kuno amaidziwa ngolo. Pa ngolo, ng'ombe ndizo zimakhala patsogolo, mwini wake ali kumbuyo. Nanga amasankha kolowera ndani? Ndi uja wagwira chingwe ndi chikwapu. Ng'ombe zili patsogolo ndithu, koma sizitsogolera. Zimangokoka katundu wa wina kupita kumene winayo wafuna. Ndikuopa kuti ambirife tinaika Mulungu patsogolo m'njira imeneyi. Ulendo tinausankha kale tokha, katundu tinapakira kale, ndipo Mulungu tamumanga pa goli kuti akoke. Chiphunzitso chimene chakula kuyambira m'zaka za m'ma 1990, m'mahema ndi pa wailesi, chakuti ukabzala mbewu ya ndalama udzakolola galimoto, ukwati kapena ulendo wa kunja, chimakoma m'makutu chifukwa sichifunsa kanthu za ulendo wathuwo. Sichifunsa ngati galimotoyo ikuyenera kukhala pa nambala wani. Chimangolonjeza ng'ombe yamphamvu. Munthu wotere akhoza kupemphera m'mamawa uliwonse, kupereka chakhumi asanagule ndiwo, n'kukhala akunena zoona kuti Mulungu ali patsogolo, pamene chingwe chili m'manja mwa chikhumbo chake.

Pa mfundo iyi makolo athu akhoza kutichititsa manyazi. Ku Khulubvi m'boma la Nsanje kuli kachisi wa Mbona, amene Amang'anja akhala akumulemekeza kwa zaka mazanamazana. Matthew Schoffeleers, wansembe wa Chikatolika amene anagwira ntchito m'chigwa muno n'kulemba buku lotchedwa River of Blood mu 1992, anaonetsa kuti m'chipembedzo chimenechi chilala ndi miliri zinkatengedwa ngati chizindikiro chakuti mafumu ndi anthu apotoza makhalidwe. Ine monga Mkhristu sindithira nsembe kwa Mbona. Koma ndimaona kuti akuluakuluwo, asanapemphe mvula, ankayamba afunsa kuti alakwitsa pati. Ife lero timafika kwa Mulungu ndi ndandanda wa zofuna, koma funso limenelo tinaliiwala.

Palinso njira ina yoikira Mulungu patsogolo imene Yesu mwini anaidzudzula. Mu Marko mutu 7 akutsutsa atsogoleri a chipembedzo amene ankalola munthu kulengeza kuti chuma chake n'choperekedwa kwa Mulungu, kotero kuti asathandizenso nacho bambo ndi mayi ake. Kodi zimenezi zinathera ku Yerusalemu? Tonse tikumudziwa bambo amene pa pepa sande amaponya ndalama zambiri dzina lake likulengezedwa pa chimkuzamawu, pamene mayi ake kumudzi akugona m'nyumba yodontha. Tikumudziwanso mayi amene saphonya mapemphero a usiku wonse, ana ake akugona ndi njala ndiponso osadziwa kuti abwera liti. Anthu otere akafunsidwa amati Mulungu ndiye woyamba. Koma ukaonetsetsa, chimene chili choyamba ndi mbiri yawo mumpingo, kapena chisangalalo chimene amamva pa mapempherowo. Mulungu akakhaladi woyamba, kholo silitsika pa mzere, limakwera, chifukwa Iyeyo ndiye analamula kuti lilemekezedwe.

Tsono mzere weniweni wa zokonda za munthu ungaoneke bwanji, poti pakamwa ndi zopereka zikhoza kunamiza? Kuno kwathu pali woyesa wina amene safunsa mafunso. Mu Januwale 2015 madzi anasefukira, boma linalengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi, ndipo dera la Makhanga linasanduka chilumba chofikako pa bwato kapena pa helikoputa. Madzi anabweranso mu Malichi 2019, mu Januwale 2022 ndi namondwe wa Ana, ndi mu Malichi 2023 ndi namondwe wa Freddy. Madzi akalowa m'nyumba usiku, munthu amakhala ndi manja awiri okha ndi kamphindi kochepa. Chimene wanyamula ndicho chimaulula mzere wa mumtima mwake.

M'misasa ya othawa madzi mu 2015 ndinamva nkhani zambiri za usiku umenewo. Panali mayi amene anataya thumba la ufa kuti anyamule mwana wa mnansi wake. Panali mkulu amene anafika bwinobwino pa chulu, n'kubwereranso m'madzi kukatsegula khola, osaonekanso. Koma nkhani imene ndimaikumbukira kwambiri ndi ya eni mabwato awiri. Wina ankayamba wafunsa ndalama kwa anthu okakamira m'mitengo asanawakweze. Mnzake anapalasa usiku wonse mpaka m'manja kuchita matuza, osalandira kalikonse, mbuzi zake zikupita ndi madzi. Munthu safunika kuona makadi awo a ubatizo kuti adziwe amene anaika Mulungu patsogolo usiku umenewo. Ndipo ndinganene mosaopa kuti munthu wopulumutsa Baibulo lake n'kusiya mwana wa mnzake akumira, Baibulolo sanalimve.

Komabe tisafulumire kuganiza kuti aliyense wotaya chuma chifukwa cha Mulungu ndiye kuti mzere wake wawongoka. Mbiri ya chigwa chathu ili ndi phunziro lina lowawa. Pafupi ndi Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire, ndi pamene anamwalirira Charles Mackenzie, bishopu woyamba wa mishoni ya UMCA, pa 31 Januwale 1862. Munthuyu anali katswiri wa masamu ku Cambridge, ndipo akanatha kukhala moyo wawofuwofu kwawo. Anasiya zonsezo, ndipo mu 1861 anakwera Shire pamodzi ndi David Livingstone n'kukakhazikitsa mishoni ku Magomero ndi anthu omasulidwa kwa ogula akapolo. Anamwalira ndi malungo, bwato lake litagubuduzika n'kutaya mankhwala. Anzake otsala anatsikira kwa Chibisa, pafupi ndi boma la Chikwawa, kumene Henry Scudamore ndi dokotala John Dickinson anamwalirako mu 1863. Palibe angakayike kuti anthu awa anapereka zonse.

Koma Mackenzie yemweyo, m'miyezi yochepa imene anakhala ku Magomero, anatsogolera anthu onyamula mfuti kukathira nkhondo midzi ya Ayao, midzi ina n'kutenthedwa. Anachita zimenezi atapemphedwa ndi mafumu a m'deralo, pokhulupirira kuti akuthetsa malonda a akapolo, ndipo nkhaniyi itamveka ku England atsogoleri ena a mpingo wake anaidzudzula. Si ine woweruza munthu amene anafera m'chigwa chathu. Ndikungoona kuti chikhumbo cha chuma anachigonjetsa, cha ulemu anachigonjetsa, koma chinatsala chikhumbo chofuna kuona chabwino chikuchitika msanga, ndi dzanja lake. Ngakhale chikhumbo choyera chotere chiyenera kufola pa mzere. Chikadumpha, chimatentha midzi m'dzina la chifundo. Ngati zinatero ndi munthu wodzipereka chonchi, nanga ife amene timangoti tikuchitira ana athu?

Mawu akuti "ndikuchitira abale" ndiwo amagwetsa ambiri a ife a m'boma, kuposa dyera lenileni. Ndinakumana nawo maso ndi maso m'chaka chomwecho cha 2015, pamene ndinali m'gulu la olemba maina a mabanja oyenera kulandira chimanga, mabulangete ndi matenti. Lamulo linali lakuti tilembe amene nyumba zawo zagwa, ndipo chiwerengero cha maina chinali choikika kale. Madzulo ena anandipeza atsibweni anga, alongo awo a mayi. Iwowa ndi amene anagulitsa ng'ombe kuti ine ndipite ku sekondale, bambo anga atamwalira.

"Muphwa, ndamva kuti cholembera chili m'manja mwako," anatero atakhala pa mkeka. "Dzina langa lisasowepo."

"Atsibweni, pepani," ndinayankha, "ndandandawu ndi wa amene nyumba zawo zagwa. Yanu ili chilili."

"Nanga chimanga changa cha kudimba sichinapite ndi madzi? Ng'ombe ija ndinagulitsa kuti uphunzire inali ya boma?"

Funso limeneli linandilasa, chifukwa linali ndi choona mkati mwake. Kuyamika si tchimo. Munthu woiwala amene anamulera ndi wonyansa pamaso pa Mulungu ndi pa anthu. Atsibweni sankapempha galimoto, ankapempha thumba la chimanga, ndipo mbewu zawo zinalidi zitapita. Zinthu ziwiri zabwino, chibale ndi chilungamo, zinaima pakhomo limodzi lopapatiza, ndipo chimodzi chinayenera kuyamba kulowa. Chimene chinandithandiza ndi kufunsa kuti dzina lawo likalowa, lituluke la yani. Sakanatuluka mwana wa mfumu kapena mlamu wa mkulu wina. Akanatuluka gogo wina wolera ana amasiye, amene alibe mbale wogwira cholembera.

Dzinalo sindinalilembe. Mwezi utatha ndinagula thumba la chimanga ndi mbewu pa malipiro anga n'kukatula kwawo. Analandira ndi akazi awo. Eni ake, kwa chaka chathunthu, moni wanga ankayankha ndi liwu limodzi nkhope itayang'ana kumbali, ndipo pa maliro ena ndinamva anthu akunong'onezana kuti sukulu inandichotsa chibale. Sindinakwezedwe pa ntchito chifukwa cha zimenezi, ndipo palibe mdalitso wooneka ndi maso umene unatsatira. Chimene ndinapeza n'chimodzi chokha: ndinazindikira kuti ngongole yanga kwa atsibweni ndi yangadi, ndipo iyenera kubwezedwa kuchokera m'thumba langa, osati m'thumba la gogo uja. Kuika Mulungu patsogolo sikunachepetse chikondi changa pa iwo. Kunangondionetsa thumba loyenera kupisamo.

Ndikudziwa kuti wowerenga wina anena kuti: n'chapafupi kwa iwe wolandira malipiro pakutha pa mwezi kulankhula za kufoletsa zofuna, koma kodi mawu amenewa ungakawanene kwa mayi wa mu msasa amene ana ake sanadye dzulo? Funsoli n'lolemera ndipo sindilithawa. Njala si chikhumbo chopotoka. Mwana wolirira phala sanadumphe mzere uliwonse, ndipo mlaliki wouza wanjala kuti aiwale mimba ayang'ane kumwamba, iye atakhuta, akuchita chipongwe. Pemphero limene Yesu anaphunzitsa ophunzira ake limayamba ndi dzina la Mulungu, ufumu wake ndi chifuniro chake, koma silithera pamenepo. Chakudya cha tsikulo chilimo, ndipo chikubwera ngakhale kukhululukidwa kwa machimo kusanatchulidwe. Mu Mateyu mutu 6, pamene Yesu akulangiza kuti ufumu wa Mulungu ndi chilungamo chake ndizo ziyambe kufunidwa, akulankhula kwa anthu oda nkhawa ndi chakudya ndi zovala, ndipo sakuwauza kuti zimenezo n'zachabe. Akuwauza kuti Atate awo akudziwa kuti akuzisowa.

Komanso tiyeni tifunse kuti lonjezo lakuti zinazo zidzaperekedwa limakwaniritsidwa kudzera mwa yani. Chimanga sichigwa kumwamba ngati matalala. Chimadzera m'manja mwa wolemba maina, woyendetsa lole, wosunga makiyi a nkhokwe, mfumu ndi mkulu wa mpingo. Anthu amenewa akaika chilungamo cha Mulungu patsogolo pa chibale ndi mimba zawo, mayi uja amadya. Akapanda kutero, mayiyo amagona ndi njala, n'kumadabwa kuti Mulungu wamuiwala chifukwa chiyani. Choncho chiphunzitsochi sichilemera pa mutu wa wosauka. Chimalemera pa ife amene tagwira kanthu m'manja.

Funso lotsala ndi lakuti mzerewu umakonzedwa bwanji. Usiku wa madzi osefukira umangoulula mzere, suukonza. Mwini bwato amene anapalasa usiku wonse sanasanduke wachifundo pa ola limenelo. Anali atazolowera kale, m'masiku a dzuwa, kuona munthu ngati woposa ndalama. Zofuna za mtima sizimva lamulo la tsiku limodzi. Zimaphunzira pang'onopang'ono, monga mwana wa ng'ombe amene amamangidwa pa goli limodzi ndi ng'ombe yozolowera mpaka atadziwa njira. Sukulu yake ndi tinthu ting'onoting'ono: alawansi ya msonkhano umene sunapiteko, mafuta a galimoto ya boma pa ulendo wa kumudzi, mawu okoma kwa mkazi wa mwini, mphatso yoperekedwa popanda wina kudziwa, tsiku lopuma losungidwa ngakhale msika ukuitana. Munthu amene wazolowera kugonja pa tating'ono asadzinamize kuti adzaima pa chachikulu. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo mtima wofuna kusunga Mulungu ndi kachinthu kena pa mpando umodzi umathera pa mvula.

Pali funso limene ndimaona kuti limathandiza kupeza chimene chakhala pa mpandopo. N'chiyani chimene, mlaliki atachikhudza, ndingasankhe kusintha mpingo kusiyana ndi kuchisiya? N'chiyani chimene chitandichokera ndinganene kuti moyo watha? Yankho la funso limeneli ndilo dzina la chimene chagwira chingwe. Kawirikawiri munthu sachiona yekha, n'chifukwa chake timafunika mphakati, bwenzi kapena mkazi wa kunyumba amene tamupatsa ufulu wotiuza zoona. Koposa apo timafunika chisomo. Augustine anatha zaka zambiri za ukalamba wake akutsutsana ndi otsatira a Pelagius, amene ankakweza mphamvu za munthu podzikonza yekha. Iye ankaona kuti mtima susiya chimene wakonda pokhapokha utapatsidwa china chokoma koposa. Mayi aliyense amadziwa zimenezi: mwana akagwira mpeni sumulanda mokalipa, umamuonetsa nthochi, ndipo dzanja limatseguka lokha. Munthu amene Mulungu kwa iye ndi wapolisi chabe, zofuna zake zimangobisala kudikira mdima. Amene walawa kukoma kwa Mulungu, zina zonse zimatsikira zokha pa malo ake, ndipo pamenepo m'pamene amayamba kusangalala nazo popanda mantha.

Pomaliza, tibwerere kwa anthu atatu a m'fanizo lija. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anatukwana mwini phwando kapena kukana kuti ndi mnzake. Ankamulemekeza ndithu, ndipo akanakhala a masiku ano mwina akanalemba dzina lake pa khoma la okala. Anangoganiza kuti phwando likhoza kudikira, koma munda, ng'ombe ndi banja sizingadikire. Chomvetsa chisoni n'chakuti munda uja ukanapezeka pomwepo mawa lake, ng'ombe zikanayesedwa mkuja, ndipo palibe chikuonetsa kuti mkwatibwi akanakanizidwa pakhomo akanabwera naye. Mwini phwando sanawapemphe kuti ataye chilichonse mwa zitatuzo. Anangowapempha kuti adziwe choyamba. Wowerenga mnzanga, dimba lako ulilime, ng'ombe zako uziwete, banja lako ulikonde ndi mtima wonse. Koma mawu akuti Mulungu patsogolo asanatuluke pakamwa, uyambe wacheuka uone amene wagwira chingwe.